ZA MTSINJE WA SHIRE NDI MAINA ACHE

Abale a m'mipingo ya kuchigwa, ndi inu aphunzitsi a m'midzi: ife tonse okhala ku Chikwawa ndi ku Nsanje tikhala ndi moyo ndi mtsinje umodzi. Timwa madzi ache, tilima madimba m'mbali mwache, tiuoloka ndi bwato, ndipo zaka zina tiuthawa usiku, ana ali kumbuyo. Koma mukafunsa mwana wa sukulu kuti, Kodi dzina ili lakuti Shire litanthauzanji, ndipo analitcha ndani? kawirikawiri angoyang'ana pansi. Chifukwa chache tafuna kulongosola pano mayendedwe a mtsinjewu ndi maina ache, kuti mukhale nazo pophunzitsa. Mutu wa mau athu ndi uwu: maina amene eni dziko anatcha madzi ndi mtunda anena chimene malowo ali ndi chimene madzi achita pamenepo, ndipo munthu woiwala maina awa wataya chenjezo limene makolo anamsiyira.

I. MAYENDEDWE A MTSINJE

Mitsinje yambiri ithira m'Nyanja ya Malawi, koma wotulukamo ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Kuchokera pamene utuluka, pafupi ndi Mangochi, kufikira pamene ulowa m'Zambezi m'dziko la Mozambique, utalika mamailosi 250, ndiwo makilomita ngati 400. Ulendo wache ugawika patatu, ndipo chigawo chiri chonse chiri ndi makhalidwe achache.

Chigawo choyamba ndi cha kumtunda. Mtsinje utatuluka m'nyanja uyenda pang'ono, nulowa m'nyanja yaing'ono ya Malombe, yosaya ndi yamatope. Utulukanso, nupitirira Liwonde kufikira ku Matope. Monsemo dziko liri lathyathyathya, ndipo madzi ayenda mofatsa, osachita phokoso.

Chigawo chachiwiri ndi cha mathithi. Kuyambira ku Matope mtsinje ulowa pakati pa mapiri, ndipo pa mtunda wa mamailosi ngati 50 utsika pafupifupi mamita 400. Ugwa pa Kholombidzo, pa Nkula ndi pa Tedzani, upanikizika pa Mpatamanga, nugwa kotsiriza pa Kapichira, m'malire a nkhalango ya Majete. Palibe ngalawa ikhoza kupyola pamenepa. Ngakhale nsomba zilephera kukwera, kotero kuti nsomba za kunsi kwa mathithi zifanana ndi za m'Zambezi koposa za kunyanja. Mphamvu ya madzi akugwawo ndiyo iunikira dziko lathu, pakuti makina a magetsi anayamba nchito pa Nkula m'chaka cha 1966, pa Tedzani mu 1973, ndi pa Kapichira mu 2000.

Chigawo chachitatu ndicho chathu. Pansi pa Kapichira mapiri apatukana, ndipo mtsinje ulowa m'chigwa chachikulu chotentha: kum'mawa kuli phiri lalitali lotsetsereka la Thyolo, kumadzulo kuli zitunda za kumalire a Mozambique. Upitirira boma la Chikwawa, nufika ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Pamenepo usiya kuyenda njira imodzi, numwazika m'dambo lalikulu la bango ndi gumbwa, m'mene muli timitsinje ndi matamanda osawerengeka. Usonkhananso pa Chiromo, pamene Ruo wochokera ku phiri la Mulanje ukomana nawo. Kuyambira pamenepo Shire ndiye malire: tsidya lino Malawi, tsidya lija Mozambique. Upitirira Nsanje ndi dambo la Ndindi, nutuluka m'dziko lathu pa malo otsika koposa onse a m'Malawi, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Potsiriza upita patsinde pa phiri la Morrumbala, nuthira m'Zambezi.

Zindikirani ichi, pakuti pa ichi pakhazikika zonse zotsatira: madzi amene athamanga pa mathithi, ndi a mitsinje yotsika m'mapiri mbali zonse ziwiri, akafika m'chigwa chathu apeza dziko losatsetsereka. Liwiro lao litha, mchenga ndi matope zimene anyamula azitula pomwepo, ndipo akachuruka alibe kopita koma m'minda ndi m'midzi. Nthaka yokoma ya m'madimba ndi chigumula zichokera ku gwero limodzi.

II. NYANJA NDI CHIRI

Masiku ano tikati nyanja, mwana aganiza za Mangochi kapena Salima. Makolo a kuchigwa sanali kutero. Kwa iwo nyanja anali madzi akuru ali onse, kaya oima, kaya oyenda, kaya a m'dambo. Ndipo munthu wonena kuti, Ndirikupita kunyanja, anali kunena mtsinje womwewu. Ophunzira za mitundu ya anthu anena kuti dzina lakuti Amang'anja ndi lakuti Anyanja ali pa tsinde limodzi, ndiko kuti anthu a kumadzi akuru. Tsono mtundu wakale wa m'chigwa muno, umene mfumu yache yaikuru ndi Lundu, utchedwa ndi mtsinje wache.

Mau awa anasokoneza alendo oyamba. Dotolo David Livingstone anakwera mtsinje uno mu Januwale 1859 pa sitima ya pamadzi yotchedwa Ma Robert, koma mathithi anamtsekera njira, nabwerera. Atadzanso patapita miyezi yowerengeka, anasiya sitimayo kwa mfumu Chibisa, pafupi ndi pamene pali Chikwawa, nayenda pansi pamodzi ndi John Kirk ndi Amakololo, kufunafuna nyanja imene anamva mbiri yache. Anauza wowatsogolera kuti awafikitse ku nyanja yaikuru. Munthuyo anavomera, nawazungulitsa m'mapiri a miyala, napendekera nao ku dambo la bango la kunsi kwa Chikwawa. Aulendowo anakwiya, nayesa kuti alikuwanyenga. Koma munthuyo analibe chinyengo: dambo lomwelo ndilo anthu a kwao analitcha nyanja yaikuru, ndipo Livingstone analemba dzinalo monga analimvera, Nyanja Mukulu. Pambuyo pache anafika ku Chilwa pa 18 Epulo 1859, ndi ku Nyanja ya Malawi mu Sepitembala chaka chomwecho. Nyanjayo anaitcha Nyasa, ndiwo mau a Chiyao otanthauzanso nyanja. Ndipo m'mau amenewa munatuluka dzina la Nyasaland, limene dziko lino linatchedwa nalo kuyambira 1907 kufikira 1964.

Nanga dzina lakuti Shire? Kumasulira kumene ambiri avomerezana nako ndi kwakuti lichokera ku mau a Chimang'anja akuti chiri, ndilo gombe loima njo, limene madzi alidya pansi nalisiya ngati khoma. Amene anaima pa boma la Chikwawa ndi kuyang'ana pansi pamene mtsinje upita adziwa chiri osauzidwa. Apwitikizi, amene anakhala ku Sena ndi ku Tete zaka mazana Angerezi asanafike, analemba Chire, ndipo atero kufikira lero. Angerezi analemba Shire. Ndipo akulu a kuchigwa mukawamvetsetsa anena Tchiri. Tsono dzina limene liri pa mapu a dziko lonse lapansi ndi mau athu omwe, obvala chobvala cha eni.

Dzina la boma lathu liri chimodzimodzi. Khwawa ndi njira yakuya imene madzi akumba potsika, youma m'chilimwe, yodzala m'dzinja. Chikhwawa ndi khwawa lalikuru. Chifukwa chache ena alemba Chikhwawa, kutsata katchulidwe ka eni. Chiromo nayenso amasuliridwa kuti mlomo waukuru, ndiyo nsonga ya mtunda pamene mitsinje iwiri ikomana. Dzina ili linayenda kutali: Mzungu wina, Ewart Grogan, amene anapita pano pa ulendo wache wochokera ku Cape kunka ku Cairo, anatcha nyumba yache ya ku Nairobi dzina lomweli, ndipo dera limenelo la mzinda wa Nairobi litchedwa Chiromo kufikira tsopano.

III. MAINA A ALENDO

Alendo nawonso anatcha maina, koma katchulidwe kao kanali kena. Mathithi onse a pakati pa Matope ndi Chikwawa, Livingstone anawapatsa dzina limodzi, la Murchison, kuchitira ulemu Sir Roderick Murchison wa ku London, mkuru wa bungwe la ofufuza maiko, munthu amene sanaponde dziko lino. Nsanje anatchedwa Port Herald, dzina la sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Herald, imene inadza pa madzi ano mu 1890. Mangochi anatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi. Maina otere anena za mwini ulemu, koma za malowo sanena kanthu. Munthu womva kuti Murchison sadziwa ngati pali mathithi angati, kapena owopsa ndi ati. Koma womva kuti Mpatamanga wamva kale kuti pali mpata, pamene madzi apanikizika pakati pa matanthwe. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina a Port Herald ndi Fort Johnston anachotsedwa, ndipo a Nsanje ndi Mangochi anakhazikika.

Tisanenere alendo zoposa zimene anachita. Livingstone anali wakhama pofunsa maina kwa eni dziko ndi kuwalemba, ndipo chifukwa cha khama lachelo tidziwa kuti maina ena amene titchula lero analipo kale mu 1859. Analemba Tedzane, ndiye Tedzani wathu. Koma khutu la mlendo silidziwa pamene mau ayambira. Anthu anati kwa iye, pa Mpatamanga, pa Malombe. Iye nayesa kuti pa ndi chiwalo cha dzina, nalemba Pampatamanga ndi Pamalombe, ndipo maina opotoka otere anakhala pa mapu zaka zambiri. Ichi chikhale phunziro kwa ali yense wolemba dzina la malo: afunse kawiri, ndipo afunse wobadwira pomwepo.

Dzina limodzi la alendo linakhala, ndilo Elephant Marsh, ndiko kuti dambo la njobvu, pakuti Livingstone anawerenga njobvu 800 pamalo amodzi m'dambomo. Njobvuzo zinatha ndi mfuti za osaka minyanga, ndipo wofuna kuona njobvu m'boma lino apita ku Majete, kumene anazibwezera kuyambira 2006. Onani tsono kusiyana kwache: dzina la mlendo linena chinthu chimene chinapita, koma dzina la makolo lakuti nyanja yaikuru likali loona, pakuti chaka ndi chaka madzi adzalamo. M'menemo asodzi agwira milamba, ndipo pa zaka za njala amai akumba nyika m'matope kupulumutsa ana. Mu 2017 dambolo linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika a dziko lapansi, ndipo ukulu wache uposa mahekitala 60,000.

IV. MITSINJE YAING'ONO NDI MADOOKO

Shire sayenda yekha. Kuchokera kumadzulo alandira Mkulumadzi m'nkhalango ya Majete, Mwanza, ndi Nkombedzi wa Fodya. Kuchokera ku mapiri a kum'mawa alandira Likhubula, Mwamphanzi, Maperera, Nkhate, Livunzu ndi Thangadzi. Yambiri ya mitsinje iyi m'mwezi wa Okutobala ndi mchenga wokhawokha, woti mwana aoloka osabvula nsapato. Koma mvula ikagwa kumapiri, ngakhale kuchigwa kuli dzuwa, idzala m'maora owerengeka, nikokolola milatho.

Aphunzitsi aonetse ana kuti maina awa ali ndi malongosoledwe. Ambiri ayamba ndi Li kapena Lu: Likhubula, Livunzu, Lisungwi, Lichenya, Luchenza, ndi kutali Lilongwe, Linthipe ndi Luangwa. Ichi ndi chiyambi chakale cha maina a mitsinje m'zinenero za mitundu yathu, ndipo Ruo ali m'gulu lomwelo, pakuti pakamwa pathu l ndi r ndi amodzi. Ena atha ndi dzi, monga Mkulumadzi, Thangadzi ndi Nkombedzi. Mwana wozindikira ichi akamva dzina lachilendo ayamba kulifunsa, osangoliloweza.

Maina ena ndi a anthu, pakuti dooko litchedwa ndi mwini mudzi. Kwa Chibisa ndiko amishoni a Universities' Mission anasamukira mu 1862 pochoka ku Magomero, Bishopu Mackenzie atamwalira pa 31 Januwale chaka chomwecho pa chisumbu cha pa matsiriro a Ruo. Kwa Chibisa komweko anamwalira Scudamore ndi Dotolo Dickinson mu 1863, pa nthawi ya njala yaikuru imene inapululutsa chigwa chino. Amakololo amene anadza ndi Livingstone kuchokera ku Zambezi wa kumtunda anatsala kuno, nakhala mafumu: Kasisi, Chiputula, Katunga, Maseya ndi Mlauli, ndipo maina ena mwa awa ndiwo a madera a mafumu kufikira lero. Pa dooko la Katunga ndipo sitima zinali kutula katundu wonka ku Blantyre, amtengatenga namsenza kukwera phiri. Kumwera, pafupi ndi Nsanje, kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona. Ndipo m'mbiri ya Amang'anja, madzi a Ndione akumbutsa malo amene Mbona anaphedwera. Chotero mbiri ya chigwa inalembedwa pa madzi ndi pa mtunda, anthu asanadziwe pepala.

V. MADZI SAIWALA KHWAWA

Mwambi uwu tiudziwa tonse, ndipo mtsinje wathu wautsimikiza kambiri. Shire si wokhazikika. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1900 madzi anachepa, kotero kuti sitima zinaleka kufika kwa Katunga, nizibvutika kufika ngakhale pa Chiromo. Ichi chinafulumiza kumanga njanji, imene inafika ku Blantyre mu 1908. Kuyambira 1915 nyanja inatsika kufikira mchenga unatseka potulukira, ndipo kwa zaka ngati 20 Shire sanalandire madzi a kunyanja, koma a mitsinje yaing'ono yokha. Dambo lalikuru linaphwa mbali zambiri, ndipo anthu, Amang'anja pamodzi ndi Asena amene anali kufika ochuruka kuchokera ku Zambezi, analowamo, nalima chimanga ndi thonje, namanga midzi. Koma pofika 1935 nyanja inakweranso, niboola mchengawo; ndipo m'zaka zotsatira madzi anabwerera m'malo ao akale, namiza minda ndi midzi. Anthu anali ataiwala kuti pamene analima panatchedwa nyanja, koma madzi sanaiwale.

Mu 1965 anamanga chotchinga madzi pa Liwonde kuti alamulire kutuluka kwa nyanja. Koma chotchingacho chiri kumtunda, ndipo sichikhoza kugwira Ruo, kapena Mwanza, kapena Likhubula. Mu 1997 madzi anadula njanji ndi mseu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pa malo otchedwa Mtayamoyo, dzina losasowa womasulira. Mu Januwale 2015 chigumula chinamiza midzi yambiri ya Nsanje ndi Chikwawa, ndipo Ruo anasiya njira yache naboola ina cha ku Makhanga. Mu Malichi 2019 madzi anadzanso. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la pa Kapichira, dziko nilikhala losowa magetsi miyezi yambiri. Ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu mazana ambiri m'chigawo cha kumwera. Kudula mitengo kumapiri kwakulitsa tsokali, pakuti mvula yogwa pa nthaka yambee ithamanga msanga, ninyamula dothi limene likwirira mitsinje ya kuchigwa.

Makolo anasiyanitsa nthaka ndi maina ache. Mphala ndi mtunda wouma wolimidwa ndi mvula. Dimba ndi pa chinyontho pamene madzi aphwera, polimidwa m'chilimwe. Makande ndi dothi lakuda lomata, losunga madzi. Thamanda ndi pamene madzi atsalira. Khwawa ndi njira ya madzi, ngakhale likhale louma zaka khumi. Wodziwa mau awa adziwa polima ndi pomanga. Sitinena ichi monyoza amene akhala m'malo otsika, pakuti tidziwa kuti anthu achuruka, minda ya kumtunda njochepa, ndipo chakudya cha banja chiri ku dimba. Koma kulima ku dimba ndi kwina, kugoneka ana m'khwawa ndi kwinanso; ndipo pamene mudzi ufuna malo a sukulu, a chipatala kapena a nyumba yopemphereramo, kuyenera kufunsa poyamba kuti, Kodi akulu anali kupatcha chiani pamenepa?

VI. NCHITO IMENE TIPEMPHA APHUNZITSI

Maina a mitsinje yaikuru ali pa mapu, ndipo sadzatayika. Amene ali pangozi ndi ang'onoang'ono: a makhwawa, a matamanda, a madooko, a zisumbu, a mitengo imene anthu anakwerapo pothawa madzi. Awa ali m'mitima ya nkhalamba zokha, ndipo mudzi ukasamutsidwa chifukwa cha chigumula, kapena nkhalamba ikamwalira, apita nayo kumanda.

Chifukwa chache tipempha mphunzitsi ali yense achite zinthu zitatu chilimwe chisanathe. Choyamba, apite kwa nyakwawa ndi ulemu, napemphe kuti amsonkhanitsire akulu, amuna ndi akazi omwe, pakuti amai otunga madzi ndi olima madimba adziwa maina amene amuna sawadziwa. Ndipo pamene pali Amang'anja ndi Asena, afunse onse awiri, nalembe maina onse awiri. Chachiwiri, ayende ndi ana a sukulu kutsata mtsinje wa kwao, kuyambira pamene ulowa m'dera lao kufikira pamene utuluka, nalembe m'kope dzina liri lonse monga alitchula eni, tanthauzo lache ngati akulu alinena, ndi zaka zimene madzi anafikapo. Asapeke tanthauzo pamene akulu sanalipereke. Dzina lolembedwa bwino lopanda kumasulira liposa kumasulira kwabodza. Chachitatu, ajambule mapu a mudzi pa pepala lalikuru, naonetsepo makhwawa onse ndi zitunda zimene madzi sanazimize, naapachike m'sukulu poonekera, kuti mwana ali yense adziwe kumene adzathawira madzi akadza usiku.

Kope limodzi likhale kusukulu, lina kwa mfumu. Ndipo amene atsiriza nchitoyi atitumizire maina amene apeza, kuti tiwasindikize m'masamba ano, mudzi ndi mudzi, kuyambira pa Kapichira kufikira ku Marka.